Gombe la agogo lili ndi geti tsopano

Ndinakulira ku Makawa, komwe agogo ankayanika usipa pagombe ine ndisanabadwe. Tchuthi chathachi ndapeza pamalopo mpanda wa njerwa, geti ndi mlonda. Mwini wake akuti amakhala ku Blantyre, amabwera pa Khirisimasi pokha. Iye ali ndi pepala la lizi. Agogo umboni wawo ndi manda a makolo basi.

Lamulo la malo a makolo la 2016 limalola banja kulembetsa malo ake. Koma ku Makawa, Nkopola ndi Namiasi, asodzi angati analifotokozeredwa m'Chiyao kapena m'Chichewa? Wandalama sasowa wopima malo. Msodzi amauzidwa kuti adikire, mpanda ukukwera.

Anzanga ophunzira zamalamulo, tikatsekera tipite kumidzi tikathandize anthu kulembetsa. Kulalata pa Facebook sikunagwetsepo mpanda.