Kachotupa ka m'ndulu n'kamthenga chabe

Aliyense amene anatumbulapo nkhuku amayidziwa ndulu, kathumba kobiriwira komamatira kuchiwindi, koti kakaphulika ndiwo zonse zawawa. Munthu nayenso ali nako, ndipo kamasunga madzi owawa othandiza kugaya mafuta a m'chakudya.

M'kati mwa kathumbaka nthawi zina mumamera tizotupa tonga njerewere, timene madokotala amati ma polyp. Kawirikawiri sitipweteka. Munthu amapita kukajambulitsa m'mimba pa sikani chifukwa cha vuto lina, n'kungomva kuti m'ndulu mwaoneka kanthu. Zikatero banja lonse limasowa tulo poganiza kuti ndi khansa.

Chotonthoza mtima n'chakuti tambiri mwa tizotupati ndi mafuta a kolesterolo amene aunjikana pakhoma la ndulu, ndipo totere sitisanduka khansa. Madokotala amayang'ana kukula kwake. Malangizo amene akatswiri a ku Ulaya anawakonzanso mu 2022 amati kachotupa kakafika mamilimita 10, ndulu yonse ichotsedwe pa opaleshoni, ndipo munthu amakhala bwinobwino popanda nduluyo. Tating'ono tambiri amangotiyang'anira ndi sikani.

Komatu amene wauzidwa kuti si khansa asabwerere kunyumba akuvina. Kafukufuku wa ku China, Korea ndi Taiwan, komwe anthu ambiri amajambulidwa akamayezetsa m'thupi, anapeza kuti tizotupati timakonda abambo a zaka zapakatikati, onenepa pamimba ndiponso amene chiwindi chawo chakuta mafuta. Anthu omwewa ndiwo amapezekanso ndi vuto lotchedwa metabolic syndrome, kutanthauza kuti m'thupi limodzi mwakumana zinthu zitatu kapena kuposerapo mwa izi: mimba yaikulu, BP yokwera, shuga wokwera, mafuta ochuluka m'magazi ndi kuchepa kwa kolesterolo wabwino wa HDL. Mathero ake nthawi zambiri amakhala matenda a shuga, a mtima kapena sitiroko. Kachotupako kangobwera kudzanena kuti m'thupi zinthu sizili bwino.

Ena anganene kuti zimenezo n'za ku Asia. Koma kafukufuku amene Unduna wa Zaumoyo unachita mogwirizana ndi bungwe la WHO mu 2009 anapeza kuti Mmalawi mmodzi mwa atatu alionse a zaka 25 mpaka 64 anali ndi BP yokwera, ndipo ambiri sankadziwa n'komwe.

Vuto lagona pa mmene mimba imalemekezedwera. Bambo akatsegula golosale, n'kumakhala pampando tsiku lonse, masana chipisi cha pachiwaya, madzulo kanyenya ndi mowa, popita kunyumba kabaza, mimba ikatuluka achibale amayamikira mkazi wake kuti akudziwa kusamala mwamuna. Nawonso mayiwo akanenepa amati banja lawayanja. M'pomveka, poti m'zaka zimene Edzi inkapulula anthu kuonda kunkabweretsa manong'onong'o. Ndiye woyesa kuchepetsa thupi amayamba waganizira zimene anzake a pamsika adzanene.

Kafukufuku wina wa kumayiko aja amatchulanso kachilombo ka hepatitis B. Katemera wake anayamba kuperekedwa kwa makanda m'dziko muno mu 2002, choncho ambiri obadwa chakachi chisanafike sanabayidwe ali ana.

Makina a sikani sapezeka pachipatala chilichonse chaching'ono, koma kuyezetsa BP n'kwaulere m'zipatala za boma, ndipo tepi ya telala ili pakhonde la sitolo iliyonse. Bambo amene tepiyo yafika masentimita 94 poyeza cha pamchombo, kapena mayi wosayembekezera amene yafika 80, akayezetse BP ndi shuga asanamve kupweteka kulikonse.