Akuti tizipuma mutu usiye. Nanga nthawi yopumayo tiitenga kuti?

Asisi, lero tikambe za mutu waching'alang'ala. Amene unawagwirapo akuudziwa. Umagunda mbali imodzi ngati wina akukhoma msomali kuseri kwa diso, nseru n'kumabwera, kuwala kwa foni kokha n'kumalasa. Ukapanda kulandira thandizo umatha kukhala maola 4 mpaka 72. Masiku atatu athunthu uli m'chipinda chamdima, geni itaima, mayeso akudutsa.

Mutu umenewu umagwira akazi pafupifupi katatu kuposa amuna. Chimodzi mwa zifukwa zake ndi mahomoni: estrogen ikatsika titatsala pang'ono kusamba, ambirife mutu umayamba. Kafukufuku wa Global Burden of Disease wa 2019 adapeza kuti pakati pa akazi a zaka 15 mpaka 49 padziko lonse, ching'alang'ala ndicho chili patsogolo pa matenda olepheretsa munthu kukhala bwinobwino ndi kugwira ntchito zake. Koma kunyumba timamva zotani? "Ukungothawa mbale iwe." Kuntchito nako: "Mutu basi? Imwa Panado."

Ndiye timamwadi. Panado m'chikwama, bufeni pansi pa pilo, ina timagula pa okala pobwera. Chimene sitiuzidwa n'chakuti ukamamwa mankhwala opha ululu ngati amenewa masiku 15 kapena kuposa pamwezi, kwa miyezi ingapo, mankhwalawo amayamba okha kubweretsa mutu. Ukumwa kuti usiye, iwo akuuitana. Ndipo mutu wopweteka masiku 15 kapena kuposa pamwezi kwa miyezi yopitirira itatu ndi matenda okhalitsa, ofunika dokotala.

Apa ndi pomwe pakubwera nkhani yophunzira kumasula thupi. Ena mwa ife titaimva koyamba tinaseka. Munthu kuphunzira kupuma? Koma ndi luso lenileni, ndipo lili m'gulu la njira zimene madokotala amalimbikitsa popewa ching'alang'ala komanso mutu uja womanga ngati wavala duku lothina. Njira yodziwika kwambiri adaiyambitsa dokotala wa ku America, Edmund Jacobson, m'zaka za m'ma 1920. Maganizo akachuluka thupi limauma tisakudziwa: mapewa amakwera, nsagwada zimalumana, mpweya umangothera pachifuwa. Ukakhala choncho tsiku ndi tsiku umafika poona ngati ndi mmene unabadwira.

Kachitidwe kake n'kosavuta. Khala pansi kapena ugone chagada pamphasa. Funya nkhonya mwamphamvu masekondi 5, kenako masula, umvetsere kusiyana kwake kwa masekondi 20. Chita chimodzimodzi ndi mikono, mapewa, nkhope, nsagwada, mimba, mpaka zala za kuphazi. Pamene pakupweteka kale usalimbitsepo. Ukatha, ika dzanja pamimba, koka mpweya ndi mphuno mpaka dzanjalo likwere, uutulutse pang'onopang'ono, kutulutsako kutalike kuposa kukoka. Zonse pamodzi ndi mphindi 15 kapena 20.

Chinsinsi chake n'chakuti uzichita tsiku lililonse, makamaka masiku amene mutu uli bwino, kwa masabata angapo. Usadikire kuti ugunde kaye. Sizichiza ching'alang'ala kotheratu ayi, koma kwa anthu ambiri mutu umabwera patalipatali ndipo ukabwera umabwera ndi mphamvu yochepa. Sizifuna ndalama, sizifuna bando, magetsi akathima zimathekabe.

Tsono vuto lathu lili apa. Mphindi 20 zimenezo mtsikana wa ku Ndirande kapena ku Area 25 azipeza kuti? Wadzuka 4 koloko kukatunga madzi mpopi usanaume, wasambitsa ana, wathamangira minibasi, waima tsiku lonse m'shopu. Kufika kunyumba mbaula ikumudikira, pamene mchimwene wake, amene waweruka naye nthawi imodzi, wakhala pampando akuonera mpira. Akangotseka chitseko kuti apume, wina agogoda: "Ndiwo zili kuti?" Mankhwala aulere aja kwa iye asanduka odula kuposa a ku famase, chifukwa mtengo wake ndi nthawi, ndipo nthawi ya mkazi aliyense amaitenga ngati yake.

Tili ndi nkhawa inanso. Mawu oti "ndi maganizo chabe, uzipuma" akhala akugwiritsidwa ntchito potitseka pakamwa. Mmodzi wa ife anapita kuchipatala kangapo ndi mutu, n'kumabwerako ndi Panado ndi mawu amenewo, osafunsidwa ngakhale kuti umabwera kangati pamwezi. Ching'alang'ala ndi matenda a ubongo ndi mitsempha. Maganizo amangoudzutsa, ngati mmene amachitira kusowa tulo, kudumpha chakudya ndi msambo. Kumasula thupi kuziyenda limodzi ndi kupimidwa bwino. Ndipo ngati chikukuumitsa mapewa ndi mwamuna amene amakumenya kapena bwana amene amakugwiragwira, palibe kapumidwe kamene kangathetse zimenezo. Pamenepo pakufunika chitetezo, ndipo kupolisi kuli ofesi yothandiza ochitidwa nkhanza.

Zizindikiro izi musapumire kunyumba, thamangani kuchipatala: mutu wobwera mwadzidzidzi ndi ululu umene simunaumvepo, mutu wobwera ndi kutentha thupi kapena kuuma khosi, chifukwa akhoza kukhala malungo kapena matenda oumitsa khosi, kufooka mbali imodzi ya thupi kapena lilime kulemera, mutu waukulu muli oyembekezera, makamaka pakapita masabata 20, chifukwa ukhoza kukhala kuthamanga kwa magazi. Komanso ngati mutu usanayambe mumaona timizere tong'anima kapena mbali ina ya maso kuchita mdima, auzeni a zakulera musanalandire mapiritsi okhala ndi estrogen. Kwa inu mapiritsi amenewo amawonjezera chiopsezo cha sitiroko, ndipo njira zina zolera zilipo.

Ndiye ife tikufuna chiyani? Kuchipatala, mkazi akabwera ndi mutu wobwerezabwereza afunsidwe mafunso, ayezedwe BP, aphunzitsidwenso kumasula thupi monga mmene amaphunzitsira za kadyedwe kusikelo. Mabwana asiye kuona ching'alang'ala ngati ulesi. Kunyumba, mphindi 20 zathu zilemekezedwe, ndipo wina agwire mwanayo, wina avundule nsimayo. Mutu umodzi susenza denga, koma mitu yathu yakhala ikusenza denga, ndowa ndi bajeti yomwe.

Ifenso tili ndi mbali yathu. Yambani kulemba pakalendala ya foni tsiku lililonse limene mutu wapweteka, mankhwala amene mwamwa ndi tsiku limene mwayamba kusamba. Pakatha miyezi iwiri mupite nazo kuchipatala, muone ngati wina anganenenso kuti mukungodandaula. Pa banki mkhonde kapena pagulu la atsikana, mabuku asanatsegulidwe, tengani mphindi 10 muyeserere limodzi. Museka tsiku loyamba, ifenso tinaseka.

Madzulo ano uzani apanyumba kuti kwa mphindi 20 chitseko chikhala chotseka. Akafunsa chifukwa, auzeni kuti mukumwa mankhwala. Kenako mutiuze pansipa kuti anakuyankhani chiyani.