Kodi Boma Lionjeze Ndalama za Nchito?

Amene mupita ku msika wa Migowi kapena wa Chiringa mwaona anyamata ambiri, ena a iwo otsiriza sukulu, akuswera pa mthunzi posowa wowalemba nchito. Ena aoloka malire kunka ku Mozambique kukafuna ganyu. Pa masankho a 2020 a Lazarus Chakwera analonjeza nchito 1,000,000, koma mthunzi uja sunaphwe anthu. Tsono mtsutso ukula: kodi boma litulutse ndalama zina kuti lilembe anthu otere, kapena ligwire thumba?

Ofuna kuti litulutse anena zoona. Munthu akalandira malipiro a nchito ya pa msewu sawakwirira pansi ai. Agula mchere, sopo ndi matemba a ku Chilwa, ndipo wogulitsayo naye alipira telala. Ndalama imodzi idyetsa makomo anai. Anachita chomwecho Roosevelt ku America mu 1933, ndipo kuno MASAF inalemba anthu a m'midzi kulambula miseu. Mtukula Pakhomo, woyambira ku Mchinji mu 2006, unafika kuno ku Phalombe maboma ambiri asanaulawe.

Koma okana nawonso sapenga. Boma lathu liribe nkhokwe yodzala. Chimene lipereka likongola, ndipo ndalama zikachuluka katundu ali wochepa, mitengo ikwera. Mu November 2023 kwacha inagwa, dola imodzi nichoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Amai amene anagula feteleza ndi mafuta ophikira mwezi umenewo asowa wowafotokozera tanthauzo lake.

Ine ndiima ndi oyambawo, koma ndiri ndi mau awiri. Nchitoyo isiye kanthu kooneka. Namondwe Freddy mu March 2023 anakokolola milato ndi minda pansi pa mapiri a Michesi ndi Mulanje, monga anachitira napolo wa 1991. Kumanga zipupa za m'mbali mwa mtsinje wa Phalombe, kukumba ngalande, kubzala mitengo m'matsitso: izi ndi nchito zeni-zeni, si kusesa pamene asesa kale dzulo.

Mau achiwiri ndi a nyengo. Muitane anthu m'chilimwe, mpakana October, manja ali omasuka, ndipo malipiro afike mvula isanagwe kuti agulire mbeu. Mukawaitana mu January, bambo asiya chimanga chake m'thengo la udzu kuthamangira ndalama, nadzazilandira mu April, pamene munda unalephera kale.