Tiyende Wapansi: Manda a ku Cape Maclear

Ife a ku Nsaru ndi ku Namitete tikafika ku Cape Maclear timangothamangira m'madzi, kudya chambo, n'kubwerera kwathu. Ulendo uno tinasiya basi pamthunzi n'kuyenda wapansi m'mamawa, dzuwa lisanatenthe.

Tinadutsa m'mudzi wa Chembe, pakati pa asodzi oyanika usipa ndi malo ogona alendo amene amadzaza m'nyengo yotentha ndi pa Khirisimasi. Titalowa mu Lake Malawi National Park tinapeza manda a amishonale a Livingstonia, omwe mishoni yawo inayamba pano mu 1875 itabwera ndi sitima ya Ilala. Dr William Black anamwalira mu 1877. Malungo atakula, Dr Robert Laws anasamutsira mishoni ku Bandawe mu 1881.

Iwo sankadziwa kuti malungo amafala ndi udzudzu. Ife tikudziwa, koma ndi angati mwa ife amanyamula neti popita kunyanja? Madzi a pagombe la Chembe alinso ndi likodzo. Ana akasambira kumeneko, pakatha miyezi iwiri tipite nawo kuchipatala akayezedwe, ngakhale mkodzo usaonetse magazi.

Pokonzekera ulendo wina, neti ilowe m'chikwama poyamba, kenako madzi akumwa ndi nsapato zoyendera.