Ndege ya pa Chileka si ambulansi ya odwala mtima

Anthu a ku Chileka adazolowera kuona ndege zikunyamuka pakhomo pawo. Ena mwa okwera ndegezi amakhala odwala mtima omwe akupita ku India kapena ku South Africa kukafuna thandizo, ena otumizidwa ndi boma, ena olipira okha. Koma pali vuto lina la mtima lomwe silidikira pasipoti kapena tikiti, ndipo Unduna wa Zaumoyo ukuyenera kuliganizira mozama.

Mtima uli ndi mitsempha yakeyake yomwe imaupatsa magazi. Mafuta akamaunjikana m'mitsemphayi, njira ya magazi imachepa monga muja imachitira paipi ya madzi ikachita dzimbiri. Tsiku lina magazi amaundana pamalo othinawo, njira nkutsekekeratu, ndipo mnofu wa mtima umayamba kufa. Munthu amamva ngati wina wamusanjika mwala pachifuwa, ululu nkumafika kumkono kapena kunsagwada, thukuta lili kamukamu, mpweya ukuperewera.

Njira yotsekulira mtsempha wotere imatchedwa angioplasty. Adaiyamba ndi Dr Andreas Grüntzig pa 16 September 1977 mumzinda wa Zurich ku Switzerland, pa bambo wa zaka 38. Sang'amba chifuwa ayi. Dokotala amalowetsa kapaipi kakang'ono mumtsempha wa pamkono kapena wa m'mphechepeche mwa ntchafu, nkukayendetsa mpaka kumtima uku akuonera pamakina a X-ray. Kakafika pothinapo amafufumitsa kabaluni komwe kamakankhira mafuta aja m'mbali. Kuyambira mu 1986 madokotala adayambanso kusiyamo kawaya kolukidwa ngati sefa, kotchedwa stent, kuti mtsempha usathinenso. Wodwala amakhala ali maso, ndipo ambiri amatuluka m'chipatala patangotha masiku ochepa.

Nkhani yagona pa nthawi. Akatswiri a mtima amalangiza kuti mtsempha utsekulidwe pasanathe mphindi 120 kuchokera pomwe achipatala azindikira vutoli, ndipo pakadutsa maola 12 phindu lake limachepa kwambiri. Tsono bambo yemwe wagwa pamsika wa Lirangwe ayambe wapeza kabaza, afike pachipatala chaching'ono, adikire ambulansi, kenako ayende mumsewu wa M1 kudutsa pa Lunzu mpaka ku Gulupu, poti Blantyre ilibe chipatala chachikulu chapaboma ngati maboma ena. Kwa munthu wotere, India ndi maloto chabe. Akuluakulu adati fodya wako ndi yemwe ali pamphuno.

Nchifukwa chake ntchito ikuyenera kuyambira kumunsi. Zipatala za Chileka, Lirangwe ndi Mdeka zikhale ndi makina a ECG oyezera kagundidwe ka mtima komanso anamwino odziwa kuwagwiritsa ntchito, chifukwa popanda makinawa nkovuta kusiyanitsa vuto la mtima ndi chilungulira. Komwe angioplasty singatheke msanga, pali mankhwala obaya osungunula magazi oundana, monga streptokinase. Amenewa asamasowe m'zipatala zikuluzikulu. Ndipo boma lionetsetse kuti ku Gulupu kuli zipangizo ndi madokotala otsekula mitsempha usana ndi usiku, kuti moyo usakhale wa okhawo a ndalama.

Nawo mabanja adziwe kuti angioplasty si yofunika kwa aliyense wodwala mtima. Kafukufuku wamkulu wotchedwa COURAGE, yemwe adachitika ku America ndi ku Canada ndipo zotsatira zake zidatuluka mu 2007, adaona odwala omwe chifuwa chimawapweteka pokhapokha akagwira ntchito yolemetsa. Adapeza kuti mwa anthu otere angioplasty sidachepetse imfa poyerekeza ndi kumwa mankhwala mokhulupirika ndi kusintha kadyedwe. Choncho banja lisanagulitse munda kapena ng'ombe kuti litumize m'bale kunja, lifunsitse dokotala ngati mankhwala sangakwanire. Yemwe adaikidwa kale stent asasiye mankhwala oletsa magazi kuundana popanda chilolezo cha dokotala, chifukwa kawaya kaja kangathe kutsekeka.

Chodandaulitsa kwambiri nchakuti ambiri sadziwa nkomwe kuti ali pachiopsezo. Kafukufuku wa STEPS yemwe Unduna wa Zaumoyo udachita mu 2009 mothandizidwa ndi bungwe la WHO adapeza kuti Mmalawi mmodzi mwa atatu alionse a zaka 25 mpaka 64 adali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo oposa 90 mwa 100 alionse a iwo sankadziwa. BP, shuga, fodya ndi kunenepa kwambiri ndizo zimaononga mitsempha mwakachetechete. Munthu akagwa mwadzidzidzi, mudzi umathamangira kunena kuti wamenyedwa hamala, nkuyamba kuloza chala nkhalamba zosalakwa.

Mafumu, abusa, mashehe ndi alangizi a zaumoyo a ku Chileka ndi Lirangwe alimbikitse anthu kukayezetsa BP ndi shuga, zomwe m'zipatala za boma nzaulere. Amayi achepetse mchere ndi mafuta m'ndiwo, abambo asiye fodya. Ndipo wina akadandaula kuti pachifuwa pakumulemera, achibale asayambire kwa sing'anga kapena kudikira kuti kuche. Apite naye kuchipatala nthawi yomweyo.