Chitsulo choyamba, utoto pambuyo

Aliyense woyenda m'misewu ya kuno ku Chunga mu Lusaka, kapena wodutsa cha ku Matero ndi ku George, adaonapo magalimoto akale okhazikidwa pa njerwa kuseri kwa nyumba, matayala atachotsedwa, nkhuku zikuikira mazira pansi pa mpando wa dalaivala. Ndipo ukafunsa eni ake, yankho limakhala limodzimodzi, lakuti galimotoyo inali ya malemu atate, injini yake ikali yamphamvu, chatsala n'kungoipaka utoto basi. Chiyembekezo chimenechi chameza ndalama za mabanja ambiri, ndipo n'chifukwa chake sabata ino ndati tikhale pansi, owerenga anga, tiwerengere pamodzi mtengo wodzutsira galimoto yakale.

Sindili m'gulu la onyoza magalimoto amenewa, pakuti ali ndi mbiri yoyenera ulemu. Fiat imene ikuolera pakhomo pa mnansi wanu mwina idalumikizidwa m'dziko mwathu muno, pa fakitale ya Livingstone Motor Assemblers, m'zaka za m'ma 1970, masiku a Kenneth Kaunda, pamene dziko lathu linkafuna kudzipangira lokha zinthu zake. Peugeot 504, imene idayamba kupangidwa ku France mu 1968, idagwirizana ndi misewu ya mu Africa kotero kuti ku Kenya ankailumikizabe mpaka 2004, ndipo makolo athu ambiri adafika ku Chipata ndi ku Lundazi atakhala pa matumba a chimanga kumbuyo kwake. Mwana wofuna kuiona ikuyendanso galimoto yotere sachita chopusa. Chopusa ndicho kuyamba ndi zimene ziyenera kutsirizira.

Dzimbiri limabadwa pomwe chitsulo, madzi ndi mpweya zakumana n'kukhalitsa pamodzi; ndipo ngakhale Lusaka ali kutali ndi nyanja ya mchere imene imadya magalimoto a ku Dar es Salaam ndi ku Beira, ife tili ndi mdani wathuwathu, ndiye matope a dzinja. Kuyambira Novembala kufikira Epulo, pamene madzi amadzaza misewu ya ku Kanyama, matope amamatirira m'kati mwa madigadi ndi m'makona a chassis, nakhala onyowa masabata ambiri mvula itakata; timabowo totulutsira madzi kunsi kwa zitseko timatsekeka ndi fumbi; mphira wa galasi lakutsogolo, umene dzuwa la Okutobala lidaung'amba kale, umalowetsa madontho amene amakabisala pansi pa kapeti; ndipo asidi wa batire naye amadya mbale imene batireyo imakhalapo. Motero dzimbiri limayambira m'kati kutulukira kunja, ndipo kachithuza kamodzi kamene mukuona pa utoto nthawi zambiri kamatanthauza kuti kuseri kwake lata lidatha kale. Ngakhale Land Rover yakale, imene thupi lake ndi la aluminiyamu, isakunyengeni ndi kuyera kwake, chifukwa chassis yake ndi yachitsulo, ndipo imaola monga zinzake zonse.

Pamenepa ndipo pamagona chiyeso. Alipo amisiri ena amene, poona kuti mwini galimoto akufuna zotchipa ndi zofulumira, amatseka chibowo ndi kansalu kapena pepala, namatapo fila wochindikala ngati chala, nakwecha ndi sandipepa mpaka posalala, napopera utoto wonyezimira. Mwini wake amachoka akuomba m'manja, koma dzinja limodzi kapena awiri akapita, filayo imang'ambika n'kugwa, ndipo bowolo limakhala litakula kuposa kale. Akuluakulu adanena kuti chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Pa galimoto ya thupi lachitsulo, tengani kamaginito kakang'ono, kakulungeni m'kansalu, muyende nako m'munsi mwa zitseko ndi m'mphepete mwa madigadi: pomwe kakukana kugwira, dziwani kuti pali fila, palibe chitsulo. Kenaka gonani pansi ndi sukuludiraiva, mubaye pansi pa mipando ndi m'mbali mwa chassis. Ikalowa, mwapeza poyambira bajeti yanu.

Ambuye wathu, m'buku la Luka, adafanizira za munthu wofuna kumanga nsanja, amene ayenera kuyamba wakhala pansi ndi kuwerengera mtengo wake, kuopa kusekedwa ndi odutsa m'njira maziko okha atagona. Ndipo ine ndikanalangiza kuti wodzutsa galimoto agawe ndalama zake milu inayi. Mulu woyamba, umene uyenera kukhala waukulu koposa, ndi wa kudula chitsulo choola ndi kuwotchererapo lata latsopano. Wachiwiri ndi wa kukwecha, mankhwala ophera dzimbiri, pulaima ndi phula lopaka kunsi. Wachitatu ndi wa utoto, thina, mphira watsopano wa magalasi ndi malipiro a wopopera. Wachinayi, umene anthu ambiri amauiwala, ndi wosunga m'thumba osaukhudza, pakuti tsiku limene mmisiri adzachotsa kapeti ndi kukuitanani, nati, "Abwana, tabwerani muone nokha," mudzayamika kuti simudamwaze zonse. Ndipo ine ndikadati gawo limodzi mwa magawo atatu a ndalama zonse lipite kumeneko.

Za kumene ndalamazo zichokere, mawu anga ndi achidule: chilimba inde, kaloba ayi. Galimoto yokhala pa njerwa sibala phindu lobwezera chiwongoladzanja cha mwezi ndi mwezi cha ngongole ya kaloba, pamene ndalama ya chilimba, imene mumasonkherana mosinthana ndi anzanu, ikakugwerani mungathe kutsiriza gawo limodzi la ntchito ndi kudikira mwaulemu ulendo wina. Mmisiri mulipireni gawo ndi gawo, mutaona ndi maso anu chigamba chilichonse chisanaphimbidwe; utoto ndi thina mukagule nokha pamodzi naye, podziwa kuti zambiri mwa izi zimachokera kunja, ndipo mtengo wake umatsata dola, kotero kuti mtengo umene adakuuzani chaka chatha sungakhale wa lero. Kumbukiraninso chilala cha 2024, pamene madzi adachepa ku Kariba, magetsi nazima maola ambiri pa tsiku, owotcherera nakhala manja lende. Ntchito yolonjezedwa pa mwezi umodzi muiyembekezere pa iwiri. Nyengo yabwino yopopera ndiyo mvula itangotha, mphepo ya fumbi ya Ogasiti isanayambe, makamaka kwa ife okhala pafupi ndi dzala lalikulu la mzinda uno. Ndipo wofuna kusintha mtundu wa galimoto aikepo ndalama ndi nthawi ya ku RTSA, kolembetsera magalimoto, chifukwa mtunduwo udalembedwa m'buku la galimotoyo.

Ngati thumba lakwanira milu iwiri yoyamba yokha, musachite manyazi kuyenda chaka chathunthu ndi galimoto ya mawangamawanga a pulaima, anyamata a pa siteshoni akuseka. Galimoto yotere ndi yolimba kuposa yonyezimira imene wokwera angaponde pansi phazi n'kutulukira mumsewu. Ndipo ngati mmisiri wokhulupirika wakuuzani kuti chassis idathyoka msana, gulitsani injini ndi magalasi kwa mnzanu amene yake ingathe kuuka, ndalamazo mulipirire ana sukulu. Malemu atate, amene adagula galimotoyo kuti itumikire banja, sadzakuimbani mlandu.