Msilamu akamwalira osalemba wasiya, chuma chake amagawa ndani?

Ku Mayani, m'dera la Mfumu Tambala m'boma la Dedza, maliro a Msilamu sachedwa ndipo savuta. Kusambitsa, kuveka sanda, swala ya janaza ndi kuika m'manda, zonsezi aliyense amadziwa ndondomeko yake, ndipo palibe amene amatsutsa shehe. Mavuto amayamba tikabwerako kumanda, pamene pafunsidwa za nyumba ya malata, golosale, njinga yamoto ya kabaza ndi ndalama zimene malemu ankatumiza ali ku Joni. Kwa ife a kunyanja, ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota, katundu wake ndi boti, injini ndi chilimira, koma mkangano wake ndi womwewo.

Gwero la mkanganowu ndi lakuti pa chuma cha Msilamu wa m'Malawi pamakumana malamulo atatu osagwirizana: mwambo, lamulo la boma ndi Shariya.

Tiyambe ndi mwambo. Ayao ndi Achewa a ku Dedza, monganso akunyanja, amawerenga mtundu kuchikazi. Mwamuna amakakhala chikamwini kwa mkazi, ana ndi a mbumba ya mayi, ndipo malume ndiwo mwinimbumba. Kale chuma cha mwamuna chinali makasu, mbuzi ndi zovala. Abale ake akatenga zimenezi ana sankavutika, chifukwa munda unali wa kwa mayi awo ndipo malume ankawasamala. Lero wolipira fizi ndi kugula feteleza ndi bambo, ndipo malume ali ndi ana awoawo owadalira. Choncho alongo ndi aphwa a malemu akatenga golosale m'dzina la mwambo, ana amasiye amatsala opanda powagwira.

Lachiwiri ndi lamulo la boma. M'chaka cha 2011 dziko lino lidakhazikitsa lamulo la chuma cha masiye, Deceased Estates Act, lomwe lidalowa m'malo mwa lamulo la 1967. Lamuloli likuti munthu akamwalira osalemba wilu, chuma chake chipite kwa mkazi kapena mwamuna wake, ana ake ndi amene ankadalira iye. Katundu wa m'nyumba amatsala ndi wamasiye, ndipo kulanda chuma cha masiye ndi mlandu umene munthu angalipe nawo chindapusa kapena kupita kundende. Apa boma ndi Chisilamu zikulankhula chimodzi, poti ndime ya 10 ya Surat An-Nisa imachenjeza ndi Moto anthu odya chuma cha ana amasiye mopanda chilungamo. Koma kagawidwe ka boma si ka mirathi. Lamuloli silisiyanitsa mwana wamwamuna ndi wamkazi, ndipo silinakhazikitse magawo monga momwe Qur'an idakhazikitsira.

Lachitatu ndi Shariya, imene ndondomeko yake ndi yodziwika. Pa chuma cha malemu pamayamba kuchoka zoyendetsera maliro, kenako ngongole zonse, kuphatikizapo mahari ngati sadamalize kupereka. Kenako pamabwera wasiya, womwe supyola gawo limodzi mwa magawo atatu, malire amene Mtumiki Muhammad, madalitso ndi mtendere zikhale pa iye, adamuikira Sa'd bin Abi Waqqas. Zotsalazo zimagawidwa molingana ndi ndime 11, 12 ndi 176 za Surat An-Nisa. Mkazi amalandira gawo limodzi mwa magawo 8 ngati malemu adasiya mwana, kapena limodzi mwa magawo anayi ngati sadasiye. Bambo ndi mayi a malemu amalandira aliyense gawo limodzi mwa magawo 6 pakakhala ana. Mwana wamwamuna amalandira kawiri gawo la mwana wamkazi. Ndipo pamene pali mwana wamwamuna, mchimwene, mlongo ndi mphwa wa malemu salandira kanthu.

Tsono tione chimene chimachitika Msilamu akangokhala chete mpaka imfa. Nkhani ikathera pabwalo la banja, amapambana ndi amene ali ndi mawu amphamvu, ndipo kawirikawiri mayi amene ali pa edda ya miyezi inayi ndi masiku khumi sakhala nawo mawuwo. Nkhani ikafika kwa bwanamkubwa, ku ofesi ya Administrator General kapena kukhoti, akuluakulu amatsata lamulo la 2011, chifukwa dziko lathu lilibe makhoti a Shariya. Njira zonse ziwirizi sizifika ku mirathi. Njira imene boma latisiyira kuti chuma chathu chigawidwe monga Allah adalamulira ndi kulemba wilu yonena zimenezo.

Ena mwa ife amati kulemba wilu ndi kudziitanira imfa. Imfa ili ndi nthawi yake imene pepala silingaisunthe. Hadith imene adailandira Abdullah bin Umar imaphunzitsa kuti Msilamu amene ali ndi kanthu koti asiyire mawu asagone masiku awiri wasiya wake usanalembedwe. Ndime yaitali koposa m'Qur'an, ya 282 m'Surat Al-Baqarah, ndi yokhudza kulemba ngongole pamaso pa mboni. Chipembedzo chathu chidatiphunzitsa kulemba boma lisanatiuze.

Wilu yovomerezeka siifuna chuma chambiri. Wolemba akhale woganiza bwino, ailembe ndi kuisayina pamaso pa mboni ziwiri, nazonso zisayine. Ndi bwino mbonizo zisakhale mwa olandira chumacho. M'menemo atchule katundu yense, ngongole zimene ali nazo ndi zimene ena ali nazo kwa iye, munthu wokhulupirika woyendetsa chumacho, ndi mawu omveka akuti chigawidwe motsata mirathi. Alekanitsenso katundu wa mkazi wake, chifukwa zimene mayi adapeza ndi geni yake kapena adasonkhako pomanga nyumba si za masiye. Shehe wodziwa mirathi athandize kuwerengera magawo, ndipo wodziwa malamulo aione, poti khoti lili ndi mphamvu yokonza wilu imene yasiya mkazi kapena ana opanda chowathandiza.

Gawo lija limodzi mwa atatu ndilo lingazimitse moto pakati pa mwambo ndi Shariya. Mphwa amene adakusamalani muukalamba, mlongo wamasiye, kapena mwana womupeza, onsewa mungawalembere kuchokera m'gawoli, ndipo sadzakhala ndi chifukwa cholimbana ndi ana anu.

Palinso zinthu zimene wilu payokha singazikonze. Ndalama za penshoni zimatsata mayina amene mudalemba pa fomu kuntchito, choncho fomuyo iunikidwe mukakwatira kapena mwana akabadwa. Ndalama za pa Airtel Money, TNM Mpamba kapena ku banki mkaya ndi ku banki ya ku South Africa zimasowa ngati m'banja palibe akuzidziwa. Nyumba yomangidwa pa malo a kuchikamwini ifunika kukambirana poyera ndi mwinimbumba ndi a mfumu muli moyo, makamaka pano pamene lamulo la malo a mafumu la 2016 likulola kulembetsa malowa. Kuchedwa nakonso kumadya chuma: mu November 2023 kwacha idagwa ndi 44 peresenti, ndipo ndalama za masiye zimene zinkadikira kuti abale amvane zidachepa mphamvu tsiku limodzi.

Tikupempha mashehe a ku Mayani ndi akunyanja kuti nkhani ya mirathi ilowe m'khutba ya Lachisanu ndi m'madrasa, ndipo makomiti a mizikiti akhale okonzeka kupereka mboni kwa ofuna kulemba. Ana ndi adzukulu odziwa kulemba akhale pansi ndi agogo awo akadali ndi mphamvu ndi nzeru zawo, osati kudikira ali pa mphasa. Allah atipatse mathero abwino, ndipo asatichititse kusiya udani pakati pa ana athu ndi abale athu. Ameen.